Nyimbo za ku Japan Zoyamba ndi 'Sa'

Munthu wofuna nyimbo m'sitolo ya zimbale ku Tokyo, kapena pa makina a karaoke ku Osaka, sayambira pa A n'kukathera pa Z. Anthu a ku Japan amasanja mitu ya nyimbo, mayina a oimba ndi mawu a mu mtanthauziramawu potsata phatikizo loyamba, monga momwe limamvekera pakamwa. Limodzi mwa maphatikizo osunga nyimbo zambiri zotchuka ndi 'sa'. Pansi pake pali nyimbo za maluwa a sakura, nyimbo zotsanzikana, nyimbo zotsegulira makatuni, ngakhalenso zina zomwe mitu yake ili m'Chingerezi, m'Chipwitikizi kapena m'manambala.

Nyimbozi zidakumana pamodzi chifukwa cha kamvekedwe ka mawu basi. Komabe woziwerenga mofatsa amapezamo kalendala ya dzikolo, pakuti mawu a duwa la sakura, mawu otsanzikirana ndi dzina la mwezi wa Malichi, womwe chaka cha sukulu chimatha, onse amayamba ndi 'sa'.

Momwe mawu amasanjidwira

Chijapanizi chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo yomwe imasakanikirana m'chiganizo chimodzi. Mtundu woyamba ndi kanji, zilembo zochokera ku China zomwe chilichonse chimanyamula tanthauzo ndipo chingathe kuwerengedwa m'njira zingapo. Mitundu iwiri inayo ndi hiragana ndi katakana. M'mitundu iwiriyi chilembo chimodzi chimaimira phatikizo lonse, ndipo mtundu uliwonse uli ndi zilembo zikuluzikulu 46. Masiku ano katakana ndi imene amalembera mawu obwereka ku zilankhulo zina.

Zilembozi zimayalidwa m'ndondomeko yotchedwa gojuon, kutanthauza 'maliwu 50'. Monga Chichewa, Chijapanizi chili ndi malembo a liwu asanu, koma amatsatana motere: a, i, u, e, o. Mwana wa sukulu ku Malawi akamaloweza sa, se, si, so, su, mnzake wa ku Japan amaloweza sa, shi, su, se, so. Mizere ya ndondomekoyi imayamba ndi a, ka, sa, ta, na, ha, ma, ya, ra ndi wa, ndipo kumapeto kuli n, chilembo chokhacho chopanda liwu. Choncho 'sa' ndi chilembo cha nambala 11, chotsogolera mzere wachitatu.

Mu hiragana phatikizoli limalembedwa さ, chilembo chomwe chidaumbidwa kuchokera ku kanji yotanthauza 'kumanzere'. Mu katakana limalembedwa サ, chomwe chidadulidwa ku kanji yotanthauza 'kumwazika', yomweyo imene amalembera mawu onena za kuyoyoka kwa maluwa. Akaika timizere tiwiri pamwamba pa chilembocho, 'sa' amasanduka 'za', koma posanja mawu awiriwa amakhala malo amodzi.

Ndondomeko imeneyi idalowa kwambiri m'moyo wa okonda nyimbo kudzera m'karaoke, yomwe idayamba ku Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kwa zaka zambiri chipinda chilichonse cha karaoke chinkakhala ndi buku lochindikala la mitu ya nyimbo ndi manambala ake. Lero mabukuwo adalowedwa m'malo ndi timakina togwira m'manja ta mitundu monga DAM ndi JOYSOUND, koma wofufuza amalembabe mutuwo monga momwe umawerengedwera.

Maluwa a sakura

Sakura ndi duwa la mtengo wa cherry. Ku Tokyo limamasula kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, chisanu chikangotha, ndipo silikhalitsa: pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri limayoyoka lonse. Nthawi imeneyi ndi imenenso zinthu zimasintha m'dzikolo. Chaka cha sukulu ndi chaka cha chuma cha boma zimatha m'Malichi n'kuyambanso m'Epulo. Ophunzira amatsanzikana, olembedwa ntchito kumene amachoka kwawo, ena amasamutsidwira ku mizinda ina. N'chifukwa chake nyimbo yotchula sakura nthawi zambiri imanena za kulekana ndi kuyamba moyo wina.

Yakale kwambiri mwa nyimbozi ndi "Sakura Sakura", yomwe woipeka sadziwika. Idafala m'zaka za m'ma 1800 ngati nyimbo yophunzirira koto, choimbira cha nsambo 13. Koma mtundu wa nyimbo za sakura zamakono udakula zedi kuyambira chaka cha 2000.

M'Epulo chaka chimenecho Masaharu Fukuyama adatulutsa "Sakurazaka", dzina la msewu wa chitunda wokhala ndi mitengo ya sakura m'dera la Ota mumzinda wa Tokyo. Nyimboyi idagulidwa makope oposa 2 miliyoni. Mu 2002 Hikaru Utada adatsatira ndi "Sakura Drops". M'Malichi 2003 Naotaro Moriyama adatulutsa "Sakura", yoimbidwa ndi munthu mmodzi motsagana ndi piyano, ndipo posakhalitsa sukulu zambiri zidaitenga kukhala nyimbo ya pamwambo wotsanzikana ndi ophunzira omaliza maphunziro. Kumapeto kwa chaka chomwecho Ai Otsuka adatchuka ndi "Sakuranbo", nyimbo yachikondi yothamanga yomwe mutu wake ndi dzina la chipatso cha cherry.

Chaka cha 2005 chidabala zitatu. Gulu la Ketsumeishi lidatulutsa "Sakura" ya chamba cha hip hop m'Febuluwale, gulu la Arashi lidatulutsa "Sakura Sake" m'Malichi, ndipo oimba awiri otchedwa Kobukuro adatulutsa "Sakura" yawo m'Novembala. Mu 2006 magulu awiri omwe pambuyo pake adadzakula kwambiri adayambira pa duwa lomweli: Ikimono-gakari ndi "SAKURA", AKB48 ndi "Sakura no Hanabiratachi".

Nyimbozi zikuonetsa bwino chifukwa chake kusanja potsata kamvekedwe kuli kofunika. Mutu wa Kobukuro udalembedwa ndi kanji imodzi. Wa Moriyama ndi wa Ketsumeishi uli mu hiragana, wa Arashi ukuyamba ndi katakana, pomwe wa Ikimono-gakari uli m'zilembo za Chilatini. Pamaso mituyi ndi yosiyana, koma pakamwa ndi mawu amodzi, choncho yonse imapezeka malo amodzi. Wofuna kuimba "Sakura" amayenera kutchulanso mwini wake, apo ayi makina amuyalira mndandanda wautali.

Mawu otsanzikirana

Mawu akuti sayonara adachokera ku kalankhulidwe kakale kotanthauza 'ngati zili choncho'. Ndi mawu olemera, oyenera polekana kwa nthawi yaitali, ndipo anthu ocheza tsiku ndi tsiku sawagwiritsa ntchito kawirikawiri. Mawu ena akale ofanana nawo ndi saraba. Onse awiri adapereka mitu yambiri ku mndandanda wa 'sa'.

Mu 1971 Masaaki Sakai adaimba "Saraba Koibito", kutanthauza kutsanzika wokondedwa. M'Disembala 1979 gulu la Off Course lidatulutsa "Sayonara", yopekedwa ndi Kazumasa Oda, ndipo nyimbo imeneyi ndi imene idalitchukitsa dziko lonse. Mu 2018 Masaki Suda, yemwe ndi katswiri wa mafilimu komanso woimba, adatulutsa "Sayonara Elegy", yolembedwa ndi Huwie Ishizaki.

Yomwe ili ndi mbiri yosaiwalika ndi "Sayonara no Mukogawa", kutanthauza 'tsidya lina la kutsanzikana'. Momoe Yamaguchi, mmodzi mwa oimba otchuka kwambiri a m'ma 1970, adasiya kuimba ali ndi zaka 21 zokha pofuna kukwatiwa ndi Tomokazu Miura. Pa 5 Okutobala 1980 adachita phwando lake lomaliza la nyimbo mu holo ya Nippon Budokan ku Tokyo. Atamaliza nyimbo imeneyi adaika maikolofoni pansi pa nsanja n'kuchoka, ndipo sadabwererenso ku ntchito yoimba. Mawu a nyimboyo adalemba ndi Yoko Aki, chuni chake adapeka ndi Ryudo Uzaki.

Kutsanzikana kwa mtundu wina kuli mu "Satokibi Batake", kutanthauza 'munda wa nzimbe'. Naohiko Terashima adaipeka atayendera chilumba cha Okinawa mu 1964. Pachilumbachi padachitika nkhondo yoopsa pakati pa Epulo ndi Juni 1945, yomwe idapha anthu pafupifupi 200,000, kuphatikizapo anthu wamba ochuluka. Nyimboyi, yomwe imatenga mphindi pafupifupi khumi, imasimba za mtsikana amene bambo ake adafera pankhondoyo ndipo amawafunafuna m'mkokomo wa mphepo yowomba nzimbe. Woimba wodziwika nayo kwambiri ndi Ryoko Moriyama, mayi ake a Naotaro Moriyama uja wa "Sakura". Motero mayi ndi mwana ali pamndandanda umodzi.

Palinso "Sarai" ya mu 1992, yomwe Yuzo Kayama ndi Shinji Tanimura adapangira pulogalamu ya maola 24 yosonkhetsa thandizo pa wailesi ya kanema ya Nippon TV. Tanimura adaluka mawu ake kuchokera ku mauthenga omwe oonera adatumiza pulogalamuyo ili mkati. Imanena za munthu wochoka kwawo amene mtima wake udakali kumudzi, ndipo idakhala nyimbo yotsekera pulogalamuyo chaka ndi chaka.

Nyimbo za makatuni

Makatuni a ku Japan amatchedwa anime, ndipo gawo lililonse la pa kanema limatsegulidwa ndi nyimbo n'kutsekedwa ndi ina, nthawi zambiri ya mphindi imodzi ndi theka. Pansi pa 'sa' pali zina mwa nyimbo zodziwika kwambiri za mtunduwu.

Yoyamba ndi "Sazae-san", yotsegulira katuni ya dzina lomwelo. Katuniyi idayamba kuonetsedwa pa Fuji TV pa 5 Okutobala 1969, kuchokera ku nthano ya zithunzi ya Machiko Hasegawa yomwe idayamba kutuluka m'nyuzipepala mu 1946. Imasimba za mayi wa pabanja ndi abale ake a mibadwo itatu okhala nyumba imodzi. Buku la Guinness lidaizindikira kuti ndi katuni ya pa kanema yomwe yakhala ikuonetsedwa nthawi yaitali kuposa ina iliyonse. Nyimbo yake adapeka ndi Kyohei Tsutsumi, adaimba ndi Yuko Uno. Popeza katuniyi imaonetsedwa Lamlungu lililonse nthawi ya 6:30 madzulo, anthu a kumeneko adafika potcha mphwayi zomwe munthu amamva poganizira ntchito ya Lolemba kuti 'nthenda ya Sazae-san'.

Yachiwiri ndi "Sanpo", kutanthauza 'kuwongola miyendo'. Imatsegulira filimu ya Tonari no Totoro, yodziwika kunja kuti My Neighbor Totoro, yomwe Hayao Miyazaki adapanga mu 1988 ku Studio Ghibli. Chuni chake adapeka ndi Joe Hisaishi, mawu adalemba ndi Rieko Nakagawa, mlembi wa mabuku a ana, ndipo adaimba ndi Azumi Inoue. Nyimboyi idatuluka m'filimu n'kulowa m'sukulu za mkaka, kumene ana amaiimba akuguba. Ku Studio Ghibli komweko kudachokeranso "Sayonara no Natsu", kutanthauza 'chilimwe cha kutsanzikana', yomwe Aoi Teshima adaimbira filimu ya Kokuriko-zaka Kara mu 2011. Woyamba kuiimba, mu 1976, adali Ryoko Moriyama yemwe uja.

Pa makatuni a achinyamata, gulu la SPYAIR lidapereka nyimbo ziwiri zoyamba ndi 'sa' ku katuni ya Gintama: "Samurai Heart" mu 2011 ndi "Sakura Mitsutsuki" mu 2013. Katuni ya Ouran High School Host Club ya mu 2006 imatsegulidwa ndi "Sakura Kiss" ya Chieko Kawabe.

Ziwiri zazikulu zimalowa kudzera pa timizere tiwiri tija. "Zankoku na Tenshi no Teze", kutanthauza 'mfundo ya mngelo wankhanza', imatsegulira Neon Genesis Evangelion, katuni ya magawo 26 yomwe Hideaki Anno adatsogolera ndipo idayamba kuonetsedwa m'Okutobala 1995. Adaimba ndi Yoko Takahashi, mawu adalemba ndi Neko Oikawa, chuni adapeka ndi Hidetoshi Sato. Kwa zaka zambiri yakhala m'gulu la nyimbo zoimbidwa kwambiri m'karaoke, ndipo mu 2011 idalandira mphoto yoyamba ya JASRAC, bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo, chifukwa idaposa zonse pa ndalama zomwe idabweretsa. Inayo ndi "Zankyo Sanka" ya Aimer, yomwe idatuluka m'Disembala 2021 kutsegulira chigawo china cha Kimetsu no Yaiba, katuni yodziwika kunja kuti Demon Slayer. Idatsogola pamndandanda wa chaka chonse cha 2022 wa Billboard Japan Hot 100. Wosanja potsata alifabeti angaike nyimbo ziwirizi kumapeto, pa Z, koma ku Japan zili pakati pa anzawo a 'sa'.

Mitu yobwereka ndi ya manambala

Chijapanizi chikabwereka mawu chimawaumba kuti agwirizane ndi maphatikizo ake, monga momwe Chichewa chidapezera mawu akuti sukulu, buledi ndi sitolo. Zotsatira zake n'zakuti mitu ina yachilendo imagwera pa 'sa' mosayembekezereka.

"Southpaw", nyimbo ya mu 1978 ya atsikana awiri otchedwa Pink Lady, imatchulidwa kuti sausupo. Imasimba za mkazi wamanzere woponya mpira pa masewero a baseball, ndipo mpaka pano mabandi a malipenga a m'sukulu za sekondale amaiimba pochemerera matimu awo pabwalo la Koshien. Mawu ake adalemba ndi Yu Aku, chuni adapeka ndi Shunichi Tokura. "Saudade" ya gulu la Porno Graffitti, ya mu 2000, idatenga mutu ku mawu a Chipwitikizi onena za kupukwa chinthu chomwe chidapita, ndipo ku Japan imatchulidwa motsata kalankhulidwe ka ku Brazil kuti saudaji. "Silent Majority", nyimbo yoyamba ya gulu la atsikana la Keyakizaka46 yomwe idatuluka m'Epulo 2016, imatchulidwa kuti sairento majoriti. Mu 2020 gulu limeneli lidasintha dzina kukhala Sakurazaka46, motero nalonso lidasamuka pamndandanda wa oimba kuchoka pa 'ke' kupita pa 'sa'.

Manambala nawo amatsata lamulo lomweli. Nambala 3 m'Chijapanizi ndi san, ndipo miyezi imatchulidwa ndi manambala, choncho Malichi ndi sangatsu. Nyimbo ya gulu la Remioromen ya mu 2004, yomwe mutu wake umalembedwa ndi manambala 3 ndi 9, imawerengedwa kuti "Sangatsu Kokonoka", kutanthauza 9 Malichi. Idapekedwa chifukwa cha ukwati wa mnzawo wa oimbawo, koma itamveka m'sewero la pa kanema la Ichi Rittoru no Namida mu 2005 idasanduka nyimbo ya ophunzira omaliza sukulu. Ziwiri zoyamba ndi 365 zilinso pomwepo: "Sanbyaku Rokujugo-ho no March" ya Kiyoko Suizenji ya mu 1968, ndi nyimbo ya AKB48 ya mu 2015 yonena za ndege ya pepala, yomwe inkatsegulira sewero la m'mawa la Asa ga Kita pa wailesi ya kanema ya NHK.

Chamba cha enka, chokondedwa kwambiri ndi achikulire, chili ndi malo ake. "Sazanka no Yado" ya Eisaku Okawa ya mu 1982 idatenga dzina ku duwa lomasula nyengo yozizira, pomwe "Sake yo" ya Ikuzo Yoshi ya mu 1988 ndi ya munthu wolankhula ndi mowa. Duwa lomwelo lidaperekanso mutu ku "Sazanka" ya gulu la Sekai no Owari, yomwe NHK idagwiritsa ntchito poulutsa masewero a Olympics a ku Pyeongchang mu 2018.

Zomwe sizipezeka pa 'sa'

Si mutu uliwonse woyamba ndi S umene uli pa 'sa'. "Silhouette" ya gulu la KANA-BOON, yotsegulira Naruto Shippuden mu 2014, imayamba ndi zilembo zofanana ndi za "Silent Majority", koma imatchulidwa kuti shiruetto, choncho ili pa 'shi'. "Senbonzakura" ya mu 2011, yoimbidwa ndi mawu a pa kompyuta a Hatsune Miku, ili ndi sakura mkati mwake koma imayamba ndi 'se'. Nyimbo ya Kyu Sakamoto yomwe idatsogola pamndandanda wa Billboard ku America mu 1963 ndi dzina lakuti "Sukiyaki" siipezeka pa mzere wa 'sa' n'komwe. Dzinalo ndi la chakudya ndipo lidaperekedwa kunja. Mutu wake weniweni ndi "Ue o Muite Aruko", ndipo uli pa 'u'.

Wofufuza nyimbo ya ku Japan, tsono, amafunika kudziwa zinthu ziwiri: mutu wake wa kwawo, ndi momwe eni ake amautchulira. Mutu womasuliridwa m'Chingerezi sumufikitsa pamalopo.

Chidwi cha anthu a ku Japan pa phatikizo loyamba chimaonekeranso m'masewera a mawu otchedwa shiritori. Wina amatchula mawu, ndipo wotsatira amayenera kutchula ena oyamba ndi phatikizo lomwe mnzake wathera. Wina akati kasa, kutanthauza ambulera, mnzake angayankhe kuti sakura, wachitatu n'kufunafuna mawu oyamba ndi 'ra'. Wotchula mawu othera ndi n ndiye wagonja, chifukwa palibe mawu a Chijapanizi chodziwika oyamba ndi chilembo chimenecho. Okonda nyimbo amasewera masewerawa ndi mitu ya nyimbo. Wopatsidwa 'sa' savutika kupeza yankho, malinga apewe "Sazae-san", yomwe imathera ndi n.